Wamaliza PhD Koma Akuphunzirabe: Kodi Postdoc pa Sayansi ya Zaulimi N'chiyani?

Chimanga cha haibulidi chitayamba kufala m'Malawi muno, alimi ambiri ankachilima kuti agulitse basi, chakudya cha pakhomo n'kumadalirabe chamakolo. Chifukwa chake chinali chomveka. Mitundu yoyambayo inali ya maso ofewa: ukachikonola mumtondo chinkangofumbutuka, mphale n'kuchepa, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe sankachedwa kuchilowa. Mu 1990 akatswiri a ku Chitedze, mothandizana ndi bungwe la CIMMYT, anatulutsa MH17 ndi MH18, mbewu zobereka kwambiri koma za maso olimba, zokonoleka bwino. Dandaulo la amayi pamtondo linayankhidwa ndi anthu odziwa za majini a mbewu, masamu komanso kuyeza zinthu mosamala.

Anthu oterewa amachita kuphunzitsidwa, ndipo zimatenga zaka. Lero ndikufuna tione njira imene amadutsa, makamaka gawo lina limene ambiri a inu simunalimvepo, lotchedwa postdoc. Mwina mukuti, "Aphunzitsi, ife tili Fomu 3, za anthu a PhD zikutikhudza pati?" Zikukukhudzani ndithu, chifukwa maphunziro amene mukusankha kapena kuthawa panopa ndi amene adzakutsegulireni kapena kukutsekerani njirayi.

Makwerero ake ali motere

Mukakhoza bwino MSCE, gawo loyamba ndi digiri, imene nthawi zambiri imatenga zaka 4. Kwathu kuno sukulu yaikulu ya zaulimi ndi LUANAR, imene phata lake ndi koleji ya Bunda. Bunda inali nthambi ya University of Malawi mpaka pamene LUANAR inayamba kuima payokha mu 2012. Pa digiri yoyamba munthu amaphunzira zimene ena anatulukira kale.

Gawo lachiwiri ndi Masters, ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Apa munthu amayamba kuchita kafukufuku wakewake, koma waung'ono, wina akumuyang'anira pafupi. Gawo lachitatu ndi PhD, ya zaka 3 kapena 4, ndipo ku America imatha kufika zaka 5 kapena 6. Kuti upatsidwe PhD umayenera kutulukira chinthu chimene sichinkadziwika, kuchilemba m'buku lalikulu, kenako n'kuyankha mafunso a akatswiri ena amene ntchito yawo tsiku limenelo ndi kufufuza pamene walakwitsa.

Tiyeni tiwerengetsere. Mwana walemba MSCE ali ndi zaka 18, digiri wamaliza ali ndi 22, wagwirako ntchito zaka ziwiri, Masters wamaliza ali ndi 26, PhD ali ndi 30. Izitu ndi pamene zonse zayenda bwino, popanda kudikira ndalama. Ndiye munthu wafika zaka 30, anthu akumutchula kuti Dokotala, n'kupitanso kokaphunzira? Eya.

Nanga postdoc n'chiyani?

Mawuwa ndi chidule cha postdoctoral, kutanthauza "pambuyo pa PhD". Si digiri ina ayi. Kulibe mayeso, kulibe tsiku lovala mkanjo ndi chipewa. Ndi nthawi ya chaka chimodzi kufikira zitatu imene munthu wongomaliza kumene PhD amagwira ntchito ya kafukufuku, akulandira malipiro, pansi pa katswiri wamkulu, kuti akhwime n'kudzatha kutsogolera kafukufuku payekha. Munthuyo nayenso amatchedwa postdoc.

Taganizirani za munthu amene wangolandira laisensi yoyendetsa galimoto. Malamulo a pamsewu akuwadziwa, mayeso wakhoza, koma palibe mwini basi angamupatse basi yodzadza anthu kuti atsike nayo pa Thabwa kulowera ku Chikwawa tsiku lomwelo. Ayambe wayenda ndi dalaivala wakale. PhD imaonetsa kuti munthu angathe kuyankha funso limodzi lovuta. Koma katswiri wotsogolera gulu amafunika zambiri: kusankha funso loyenera kulifufuza, kupempha ndalama zake, kugawa ntchito, kuphunzitsa ana a Masters ndi PhD, komanso kulemba zimene wapeza m'magazini a sayansi. Zimenezi n'zimene postdoc amaphunzira.

Pa zaulimi palinso chifukwa china. Mbewu siifulumizidwa. Kupanga mtundu watsopano wa chimanga kapena mtedza, kuuyesa m'madera osiyanasiyana mpaka boma kuuvomereza, kumatha kutenga zaka pafupifupi 10. PhD imatha ntchito isanathe. Komanso zipangizo zimasintha msanga, moti wina amafunika kupita kulabotale ya kwina kuti akaphunzire njira imene kwawo kulibe.

Chitsanzo chabwino ndi Segenet Kelemu wa ku Ethiopia, katswiri wa matenda a mbewu. Anakulira kumudzi, anachita digiri yoyamba ku Addis Ababa, PhD ku Kansas State University ku America, kenako postdoc ku Cornell University. Atachoka kumeneko anagwira ntchito zaka 15 ku bungwe la CIAT ku Colombia, n'kubwerera ku Africa mu 2007. Mu 2013 anakhala mkulu wa icipe, bungwe lofufuza za tizilombo limene lili ku Nairobi. Postdoc inali gawo lalifupi pa ulendo wakewo, koma ndi imene inali pakati pa kukhala wophunzira ndi kukhala katswiri woima payekha.

Ntchito ya postdoc ndi fellowship, kusiyana kwake

Pali njira ziwiri zolowera. Yoyamba: pulofesa wapeza ndalama za kafukufuku wake, tinene wa matenda a chinangwa, ndipo akufuna munthu womuthandiza. Amalengeza ntchito, anthu n'kufunsira. Funso lofufuzidwa ndi la pulofesayo.

Yachiwiri ndiyo fellowship. Apa iweyo ndi amene umabwera ndi funso lako. Umalemba ndondomeko ya zimene ukufuna kufufuza, umapeza katswiri wovomera kukulandira mulabotale yake, kenako umapempha ndalama ku bungwe lopereka thandizo. Ukapambana, ndalamazo zimaperekedwa m'dzina lako: zodyera, za ulendo, nthawi zina ndi zogulira zipangizo. Fellowship imavuta kuipeza chifukwa opikisana amachuluka, koma imalemekezedwa kwambiri poti imaonetsa kuti munthuyo ali ndi maganizo akeake.

Fizikisi ikulowa pati m'munda?

Apa ndiye pamtima panga, poti ine ndimaphunzitsa Fizikisi. Ana ambiri amaganiza kuti wofuna zaulimi angolimbikira Bayoloje ndi Agriculture, Fizikisi ndi Masamu n'kuzisiya. Taonani zina mwa zimene akatswiri a zaulimi amapita kukaphunzira kunja.

Choyamba, kuyeza madzi m'nthaka. Pali chipangizo chotchedwa neutron probe chimene amachitsitsa m'paipi yokwiriridwa m'munda. Chimatulutsa manyutuloni othamanga kwambiri. Nyutuloni ikagunda atomu yolemera imangonjanja, liwiro lake osasintha kwenikweni, ngati mpira wa pool wogunda khoma la tebulo. Koma ikagunda phata la haidulojeni, limene kulemera kwake n'kofanana ndi kwa nyutuloniyo, imataya mphamvu zambiri, monga mmene mpira woyera umaimira ukagunda mpira unzake pakati penipeni. M'nthaka haidulojeni wambiri ali m'madzi. Choncho chipangizocho chikawerenga manyutuloni ambiri oyenda pang'onopang'ono, ndiye kuti nthakayo ili ndi chinyezi chambiri. Imeneyi ndi momentum ndi kugundana kwa zinthu, zomwe zija mumati n'zovuta, zikuthandiza mlimi wamthirira kudziwa tsiku lothirira.

Chachiwiri, kulondola feteleza. Thumba la Urea la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a naitulojeni, poti Urea ali ndi 46 peresenti ya mcherewu. Funso n'lakuti, pa makilogalamu 23 amenewo, ndi angati amene amalowadi m'chimanga? Akatswiri amagwiritsa ntchito isotope yotchedwa nitrogen-15, imene ili ndi nyutuloni imodzi yoonjezera poyerekeza ndi naitulojeni wamba. Siitulutsa cheza choopsa, imangolemererako pang'ono. Amathira feteleza wokhala ndi isotope imeneyi, ndipo pokolola amayeza kuchuluka kwake m'masamba ndi m'njere. Kafukufuku wotere waonetsa kuti kawirikawiri mbewu imatenga naitulojeni wosafika theka la amene wathiridwa. Wina amatsalira m'nthaka, wina amakokoloka ndi madzi, wina amauluka ngati mpweya. Mukaganizira mtengo wa feteleza masiku ano, muona kuti munthu wopeza njira yochepetsera kutayikako wathandiza mabanja ambiri. Njira yomweyi imathandizanso kuyeza naitulojeni amene soya, nandolo ndi mtedza zimakoka kuchokera mumpweya.

Chachitatu, cheza cha gamma. Njere zikawalitsidwa ndi cheza chochokera ku cobalt-60, majini ake ena amasintha. Kusintha kwambiri kumakhala kopanda phindu, koma mwa mbewu masauzande pamatha kupezeka imodzi yocha msanga kapena yopirira matenda, ndipo akatswiri amaisankha n'kuichulukitsa. Njereyo siikhala ndi cheza ayi, monganso munthu wojambulidwa X-ray kuchipatala satuluka akuwala. Padziko lonse mitundu ya mbewu yoposa 3,000 inapangidwa mwa njira imeneyi. Cheza chomwechi chimagwiritsidwanso ntchito pochititsa kuti tizilombo tamphongo tisabereke, kenako n'kutimwaza m'tchire. Ndi mmene ntchentche za tsetse, zimene zimafalitsa matenda ku ng'ombe, zinathetsedwera pa chilumba cha Unguja ku Zanzibar mu 1997.

Zambiri mwa njira zimenezi zimaphunzitsidwa kumalabotale a ku Seibersdorf, m'dziko la Austria, amene mabungwe a FAO ndi IAEA amayendetsa mogwirizana. Mgwirizano wawo unayamba mu 1964, ndipo amalandira akatswiri ochokera m'maiko ngati lathuli kuti akaphunzire kwa miyezi ingapo.

Chitsanzo cha kwathu konkuno

Pali mchere wina wotchedwa selenium umene thupi limaufuna pang'ono zedi, pafupifupi mamaikulogalamu 55 patsiku kwa munthu wamkulu. Maikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a galamu. Ngakhale ndi wochepa chonchi, ukasowa chitetezo cha m'thupi chimafooka. Katswiri wa zanthaka wa kuno kwathu, Allan Chilimba, pochita PhD yake ku University of Nottingham ku England, anapeza kuti chimanga cha m'madera ambiri a Malawi chili ndi selenium wochepa kwambiri. Nthaka yathu yambiri ndi ya asidi, ndipo m'nthaka yotere selenium amamatirira ku dothi moti mizu imalephera kumutenga. Chimanga cholimidwa m'makande a kuchigwa cha Shire, kumene nthaka si ya asidi, chinapezeka ndi selenium wochulukirapo. Anaonetsanso kuti magalamu ochepa chabe a selenium pa hekitala, osakanizidwa mu feteleza, amakweza mcherewu m'chimanga. Dziko la Finland lakhala likuchita zimenezi kuyambira mu 1984.

Ntchitoyi sinathere pa PhD imodziyo. Inakula n'kukhala kafukufuku wamkulu wa akatswiri a ku LUANAR, Nottingham, Rothamsted Research ndi mabungwe ena, amene anatolera dothi ndi njere m'minda yambiri ya Malawi ndi Ethiopia n'kujambula mapu oonetsa kusiyana kwa michere m'zakudya dera ndi dera. Zotsatira zake zinatuluka mu 2021 m'magazini ya Nature, imodzi mwa magazini olemekezeka kwambiri a sayansi. Mutu umodzi susenza denga: ntchito yotere imafuna oyenda m'midzi kutolera dothi, odziwa makina a mulabotale, ndi odziwa masamu ojambulira mapu. Mu magulu otere, amene amakhala ndi makina ndi manambala tsiku ndi tsiku nthawi zambiri ndi ana a PhD ndi ma postdoc.

Mwayi umapezeka kuti?

Ndingotchulako ochepa, kuti mudziwe kuti zinthuzi ziliko.

Mabungwe a CGIAR, mgwirizano umene unayamba mu 1971, amalemba ma postdoc kawirikawiri. Ena mwa iwo ndi CIMMYT ya chimanga ndi tirigu ku Mexico, IITA ku Ibadan m'dziko la Nigeria, ndi CIP ya mbatata ku Lima m'dziko la Peru. ICRISAT, imene likulu lake lili kufupi ndi Hyderabad ku India, yakhala ikugwira ntchito ya mtedza ku Chitedze kwa zaka zambiri. Mtedza wa CG7 ndi Nsinjiro unachokera mu mgwirizano wa bungweli ndi akatswiri a boma.

RUFORUM ndi mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa pa zaulimi. Unayamba mu 2004, ofesi yake ili ku Makerere University ku Kampala, ndipo wakhala ukuthandiza ophunzira a Masters, PhD komanso ma postdoc kuti aphunzire mu Africa momwe muno. Pa luso lopanga mbewu zatsopano pali sukulu ziwiri zodziwika zophunzitsa PhD: ACCI ku University of KwaZulu-Natal ku South Africa, ndi WACCI ku University of Ghana.

Atsikana, tamverani apa. Bungwe la AWARD, limene linayamba mu 2008 ku Nairobi, linakhazikitsidwa kuti lilimbikitse amayi a mu Africa ochita kafukufuku wa zaulimi. Wosankhidwa amapatsidwa katswiri wamkulu womulangiza, maphunziro a utsogoleri ndi kalembedwe ka sayansi, ndipo iyenso amayenera kulangiza wina wamng'ono kwa iye.

Ku Ulaya kuli Georg Forster Research Fellowship ya bungwe la Alexander von Humboldt ku Germany. Ndi ya akatswiri ochokera m'maiko ongotukuka kumene, ndipo postdoc amakhala kumeneko miyezi 6 kufikira 24. Kulinso ma fellowship a European Union otchedwa ndi dzina la Marie Skłodowska-Curie, mayi uja analandira mphoto ya Nobel kawiri, ya Fizikisi mu 1903 ndi ya Kemisitiri mu 1911. Amenewa amalandira anthu a dziko lililonse. Ndiye pali TWAS ku Trieste m'dziko la Italy, bungwe limene linayambitsidwa mu 1983 ndi Abdus Salam, katswiri wa Fizikisi wa ku Pakistan. Limathandiza akatswiri a m'maiko osauka kukachita kafukufuku m'maiko ngati India ndi Brazil.

Pa Masters, imene ndi pafupi kwa inu kuposa zonsezi, pali thandizo la Commonwealth ku Britain, DAAD ku Germany, ndi Beit Trust imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Malamulo a mabungwewa amasintha chaka ndi chaka, choncho nthawi yanu ikadzafika mudzawerenge pa tsamba la intaneti la bungwelo, osati uthenga wongoyenda pa WhatsApp. Ndipo wina akadzakuuzani kuti mutumize ndalama pafoni kuti dzina lanu lilowe pamndandanda wa opambana, mudzadziwe kuti ameneyo ndi wakuba.

Amasankha bwanji?

Pa msinkhu wa postdoc palibe amene amafunsa mapointi a MSCE. Amaona zinthu zinayi. Choyamba ndi nkhani za kafukufuku zimene unasindikiza. Nkhani ya sayansi isanatuluke imatumizidwa kwa akatswiri ena awiri kapena atatu kuti aisanthule, ndipo amatha kuibweza kuti ukonze kapena kuikaniratu. Chachiwiri ndi ndondomeko yako: funso lako ndi lomveka? Njira yako ingayankhedi funsolo? Nthawi ndi ndalama zikwanira? Chachitatu ndi makalata a akatswiri amene anagwira nawe ntchito. Chachinayi ndi kugwirizana kwa funso lako ndi labotale imene ukufuna kupitako.

Mwaona kuti pafupifupi zonsezi ndi zolemba? Katswiri wosatha kufotokoza maganizo ake momveka bwino papepala sapita patali, ngakhale akhale wanzeru chotani mulabotale. Amene mumati Chingerezi ndi cha ana a Humanities, ganizani kawiri.

Zovuta zake tisabise

Postdoc si ntchito yokhazikika. Kontirakiti ikatha umayambanso kufunsira, ndipo ena amadumpha kuchoka dziko ili kupita lina kwa zaka zambiri, pa msinkhu umene anzawo akumanga nyumba ndi kulera ana. Maudindo okhazikika m'mayunivesite ndi ochepa kuposa anthu owafuna. Kukanidwa n'kosapeweka, ndipo ngakhale akatswiri otchuka amakanidwa kangapo asanapambane.

Palinso funso lobwerera kwathu. Munthu wazolowera makina apamwamba kunja, wafika kuno wapeza makina ngati amenewo kulibe, magetsi akuthimathima, mankhwala a mulabotale akutenga miyezi kuti afike. Ena sabwerako. Sindiwaweruza, koma dziko limataya. Mbozi zija zinafika mu Africa mu 2016 kuchokera ku America n'kuononga chimanga chathu, mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma ambiri kumapeto a 2017, zinatiphunzitsa kuti vuto likagwa pamafunika akatswiri amene ali pompano, odziwa minda yathu, nyengo yathu ndi chilankhulo cha alimi athu. N'chifukwa chake mabungwe ambiri opereka thandizo amafunsa kuti ukamaliza udzachita chiyani kwanu. Malo ogwirira ntchito alipo: Chitedze, Bvumbwe, Makoka, Lifuwu, Kasinthula, Lunyangwa, mayunivesite, makampani a mbewu, ndi malo ofufuzira za tiyi ku Mulanje.

Inuyo muyambire pati?

M'mera m'poyamba. Musataye Masamu. Ku Rothamsted, malo ofufuzira zaulimi a ku England amene anayamba mu 1843, n'kumene Ronald Fisher, katswiri wa masamu amene anayamba ntchito kumeneko mu 1919, anakonza njira zoyendetsera zoyesa zimene asayansi padziko lonse akugwiritsabe ntchito. Mfundo zake ziwiri mungaziyese pasukulu panu pomwepo.

Tinene mukufuna kudziwa ngati manyowa a nkhuku amakulitsa mpiru kuposa kompositi. Mukangopanga mabedi awiri, limodzi la manyowa lina la kompositi, simungadziwe chenicheni, chifukwa mwina bedi lina lili pamthunzi kapena padothi labwino. Pangani mabedi 9 ofanana kukula: 3 a manyowa, 3 a kompositi, 3 opanda kanthu. Kumeneko ndiko kubwereza. Ndipo musasankhe ndi maso bedi lolandira chakuti. Lembani timapepala, pindani, ikani m'chipewa, wina atole osaona. Kumeneko ndiko kusankha mwamaere. Thirirani madzi ofanana, bzalani tsiku limodzi, yezani kutalika kwa mbewu ndi rula sabata iliyonse, ndipo pokolola yezani kulemera kwa masamba pasikelo. Lembani zonse m'kope limodzi, ndi madeti ake, ngakhale zimene sizikugwirizana ndi zimene mumayembekezera. Pomaliza pezani avereji ya gulu lililonse, jambulani girafu, ndipo lembani tsamba limodzi lofotokoza zimene mwapeza moti mnzanu wa kalasi ina amve popanda kukufunsani.

Mukachita zimenezi mwagwira ntchito yofanana ndi imene postdoc amagwira ku Chitedze kapena ku Ibadan, kungoti iye mabedi ake ndi mazanamazana ndipo sikelo yake ndi yodula. Kambiranani ndi aphunzitsi anu a Agriculture kapena a kalabu ya sayansi kuti akupatseni kamalo m'dimba la sukulu teremu ikubwerayi. Mpiru suchedwa, pakangotha masabata ochepa mudzakhala muli ndi manambala anuanu oti muwerengetsere.